Khutu Lakumanja la Amayi

Amayi anga ankamva ndi khutu limodzi, lakumanja. Lakumanzere linafa ali mtsikana, litatuluka mafinya dzinja lonse popanda wowatengera kuchipatala. Kwathu kwa Tengani aliyense ankadziwa zimenezi. Wofuna kuwapatsa moni ankazungulira kaye n'kuima kumanja kwawo, wofuna kuwanena ankaima kumanzere. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti pasadzapezeke munthu wonena kuti amene anabwera ndi zibonga tsiku lija sankadziwa mbali imene ankamenya.

Mlongo wanga, mzime m'nyumba mwathu, anakwatiwa ndi msodzi wa kwa Nyachikadza. Kuno mkazi amatsata mwamuna, choncho anapita kudambo, kumene munthu sufika popanda bwato. Foni kumeneko imagwira ikafuna yokha, ndipo kuti igwire uyenera kukwera pachulu n'kuimika dzanja m'mwamba. Chaka china madzi atasefukira tinakhala nthawi yaitali osamva ngati ali moyo. Amayi anasiya kudya. Ankakhala m'mbali mwa msewu dzuwa lonse, akuimitsa aliyense wodutsa ndi dengu la nsomba panjinga, n'kumutchera khutu lawo limodzi lija. Mlongo wanga anapulumuka, koma amayi sanandikhululukire.

"Iwe umati umakonza mawailesi," ankatero. "Azungu akunja amabwebweta m'nyumba mwako tsiku lonse. Mwana wanga ali pompano m'bangomu, ukulephera kundimvetsa mawu ake? Ndinabala m'misiri wanji ine?"

N'zoona, ntchito yanga ndi kukonza mawailesi ndi mafoni pamsika. Mawuwo anandipyoza. Ndinadandaulira mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi, amene tsopano ali ku Joni ndipo amakonda zolankhulana pa mawailesi a anthu wamba. Iye ananditsogolera mpaka ndinapeza chiphaso chake kuboma, kenaka ananditumizira timaphukusi tiwiri. M'kaphukusi kalikonse munali wailesi yolankhulirana, koma yosalumikiza: kabolodi kobiriwira, tizipangizo tating'ono ngati njere za mapira, timphete takuda, ndi waya wofiirira woonda ngati ulusi. Zina zonse zinali za manja anga. Imodzi inali yoti ikhale kwathu, ina ipite kwa mlongo wanga.

Ndinkagwira ntchitoyi pakhonde, m'mawa kusanatenthe, poti kuno dzuwa likakwera thukuta limadontha pabolodi. Kunyumba kulibe magetsi, choncho chitsulo chowotcherera ndinkachitenthetsa pambaula. Chikatentha kwambiri chimasupula timizere ta pabolodi, chikazizira mtovu umangoundana osagwira. Zala zanga zinadzaza matuza. Timphete tija ndinayenera kutikulunga waya mowerenga, ndipo amayi ankadikira kuti ndifike pakati powerenga kuti andifunse za mbuzi. Ndikayambiranso ankaseka mpaka kutsokomola.

Wailesi yoyamba itatha, ndinailumikiza kubatire imene timatchaja ndi sola. Zii. Ngakhale kaphokoso ka mphepo panalibe. Ndinayeza ndi mita mbali zonse, ndinasungunula n'kuwotchereranso, ndinatukwana mnzanga wa ku Joni pamodzi ndi amene anapanga kaphukusiko. Tsiku lina mkwiyo utandikwera ndinaponya chitsulo chotentha pabwalo, chikuphonya nkhuku pang'onong'ono. Vuto linali la zii: waya wofiirira uja amakhala wopakidwa utoto woonekera mkati, ndipo nsonga zake uyenera kuzipala kaye ndi lumo. Nsonga imodzi ndinali nditaipala mbali imodzi yokha. Nditaipalanso, sipika inapuma, kenaka inayamba kulira ngati mafuta m'chiwaya. Ndinavina pakhondepo ndekha, munthu wamkulu.

Kumva inkamva, koma kutumiza mawu inali nkhondo ina. Muli thiranzisita imodzi imene imakankha mawu kupita kueriyo, ndipo imatentha msanga. Yoyamba inapsa ndisanamalize kunena moni, chifukwa waya wa eriyo ndinali nditaudula wamfupi. Fungo lake sindidzaliiwala. Ndinaika ina, n'kuimangirira kachidutswa ka poto wakale kuti kazichotsa kutentha, ndipo ndinaphunzira kuti wailesiyi safuna munthu wolongolola. Umakanikiza batani la pamaiki, kunena zako mwachidule, n'kusiya kuti ipume. Ndipo pamene wakanikiza, iwe sumva chilichonse. Mnzako ngakhale akuwe bwanji mbali inayo, mawu ake salowa mpaka utasiya batani.

Eriyo ndinaikoka kuchoka padenga kukafika pamtengo wa bwemba umene uli pakati pa bwalo lathu. Inkafunanso waya wina wopita pansi, ku chitsulo chokhomera m'dothi, chimene amagetsi amati ethi. Ndinakhoma chitsulo chachitali patsinde pa bwembayo. Koma chaka chimenecho mvula inagwa kamodzi, anthu anabzala, kenaka inangosowa. Dothi linauma gwaa, ndipo chitsulo m'dothi louma chilibe ntchito. Mankhwala ake ndi odziwika kwa aliyense wogwira zamagetsi: umathira madzi a mchere patsinde pa chitsulocho kuti dothi likhale lonyowa.

Ntchito imeneyi amayi anailanda. Ankati wailesiyo ndi yawo, ine ndine waganyu chabe. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi kandowa ndi mchere kumanja, kugwada pansi pa bwemba, n'kuthira pang'onopang'ono. Ankati akumwetsa chitsulo.

Tsono kwathu kuno anthu amanena kuti wofuna kumanga mvula, kaya ali ndi njerwa zosawotcha kaya ali ndi ukwati, amakhoma nkhwangwa pansi n'kuwaza mchere. Ndinakula ndikuzimva zimenezi. Mapira atayamba kupota masamba m'minda, mkazi wanga anabwera kuchokera kumjigo n'kundiuza kuti amayi anzake amasiya kulankhula iye akafika. Sindinakhale pansi. Ndinaitana anansi athu, ndinawaonetsa wailesi, ndinaiyatsa kuti amve anthu akulankhula kutali, ndinawafotokozera za chitsulo ndi mchere mpaka pakamwa panauma. Onse anagwedeza mitu. Panali mnansi wathu wina, wakhola la mbuzi kuseri kwa nyumba yathu, amene munda wake unali utapserera kuposa wa wina aliyense. Iyeyo anayang'ana waya uja kuchokera padenga mpaka pamtengo, n'kufunsa kuti, "Nanga bwanji amathira ndi agogowa, osati inuyo eni ake?"

Amayi anali ataima chomupatsa khutu lakumanja, ndiye anamva. "Chifukwa ine ndimadzuka m'mawa," anatero, "osati ngati ena amene mbuzi zawo zimadya m'minda ya eni iwo ali m'tulo." Anthu anaseka. Iye sanaseke.

Wailesi yachiwiri itatha, ndinakonza ulendo wopita nayo kwa Nyachikadza. Ndisananyamuke ndinakhazika mkazi wanga pawindo pamene panali wailesi yakwathu, n'kumuphunzitsa mobwerezabwereza: kanikiza, lankhula, unene kuti "kwa inu", siya. Usagwire nthawi yaitali, ipsa. Anandiuza kuti ndisamuone ngati mwana. Tinapangana kuti mawa lake, dzuwa likangotuluka pamwamba pa mitengo, aliyense ayatse yake. Amayi anachapa mpango wawo wa kutchalitchi, ati sangalankhule ndi mwana wawo ali mbuu.

Mlamu wanga anandichingamira padoko ndi bwato. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala chifukwa chopalasa, ndipo amalankhula Chisena chokhachokha. Anaseka ataona kabokosiko. "Mulamu, chenechi ndicho chinalonga na mai?" anatero, osakhulupirira kuti kanthu kameneka kangalankhule ndi amayi. Tinakoka waya kuchoka pamgwalangwa kukafika pamtengo umene tinazika. Kumeneko chitsulo chimalowa pansi ndi dzanja lokha, ndipo sichifuna mchere, poti dothi lake ndi madzi okhaokha.

M'mawa mwake tinakhala pamphasa atatu, ine, mlongo wanga ndi mlamu. Ndinayatsa. Kunali phokoso la mafuta m'chiwaya lija, ndinapotoza pang'ono, ndipo mwadzidzidzi mawu a mkazi wanga anatuluka, oyera ngati ali kuseri kwa mpanda.

"Abambo, mukundimva? Kwa inu."

Mlongo wanga anakuwa n'kugwira pakamwa. Ndinayankha kuti tikumva bwino lomwe, aitane amayi. Mkazi wanga anati amayi ali pansi pa bwemba, akumaliza kumwetsa chitsulo, akubwera. Ndinapatsa mlongo wanga maiki, ndinamuonetsa pokanikiza. Anakonza kukhosi, n'kupereka moni wa m'mawa mwaulemu ngati wagwada pamaso pawo: "Mai, mwacherwa tani? Muli kundibva?" Anasiya batani. Tinadikira.

Amene anayankha anali mkazi wanga, ndipo mawu ake anali ena. "Abambo, kwabwera anthu. Ambiri. Anyamula mitengo."

Sananene kuti "kwa inu". Sanasiye batani. Mantha anaumitsa chala chake pamenepo, ndipo iye anaima pawindo maiki ili m'manja, ikutola zonse za pabwalo n'kuzibweretsa pamphasa pathu.

Tinamva mapazi ndi phokoso la anthu ambiri olankhula nthawi imodzi. Wina anakuwa kuti, "Si uyu, tam'peza ali pomwepo!" Wina anati, "Zulani chitsulocho!" Mawu a amayi ena, amene ndinawazindikira, amene timapemphera nawo, ankangobwereza kuti mfiti, mfiti, ana athu afe ndi njala chifukwa cha iwe. Ndowa inagubuduka. Kenaka tinamva amayi, mawu awo aja okalipa, osaopa ngakhale pang'ono.

"Mvula ili m'thumba mwanga ine? Mapira anga sanaume? Tachokani pabwalo panga, anthu opanda manyazi!"

Ndinalanda maiki kwa mlongo wanga n'kukanikiza. Ndinakuwa kuti asiye batani, andipatse anthuwo ndilankhule nawo, chitsulocho ndinakhoma ndine, abwere aphe ine. Ndinkadziwa bwinobwino kuti palibe akundimva. Ndinaimanga ndekha wailesiyo, ndinkadziwa. Komabe ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa, ndipo nditasiya batani ndinapeza kuti zinthu zapita patsogolo ine ndikukuwa.

Tinamva mnansi wambuzi uja. Mawu ake anali pafupi, odekha kuposa a ena onse. Anati, "Lero mumva." Kenaka panamveka kugunda kumodzi, kouma, ngati munthu akuswa dzungu. Amayi sanalire. Anthu ndiwo anakuwa, ena mokondwa, ndipo kugunda kunapitirira, kwina pathupi, kwina pansi, kwina pamalata. Galasi la sola linasweka. Mkazi wanga ankangoti mayo, mayo, pakamwa pali pamaiki penipeni. Mlongo wanga anandigwira malaya pakhosi n'kumandigwedeza, akuti chitani kanthu achimwene, chitani kanthu, mpaka mabatani anathothoka.

Mawu anayamba kusasa, kenaka kung'ambika. Ndinadziwa chimene chikuchitika: thiranzisita ija inali ikupsa, kachidutswa ka poto kalephera. Inalira kamodzi mopyapyala n'kuduka. Panatsala phokoso la mphepo lokha.

Mlamu anadzambatuka. Anathamangira kubwato, ine pambuyo. Anapalasa m'tinjira ta m'bango mopanda kupuma, ndipo ine ndinkamukalipira kuti afulumire, munthu amene misempha ya m'khosi inali itatupa kale. Titafika kumtunda tinakwera njinga yamoto tonse awiri. Njira imeneyo ndi yaitali. Ndinali ndi nthawi yokwanira kuwaika amayi m'manda m'mutu mwanga, kuwafukula, n'kuwaikanso.

Tinafika dzuwa litapendeka. Pabwalo panalibe munthu. Waya unali utadulidwadulidwa, sola ili zidutswa, ndipo pansi pa bwemba panali dzenje pamene anazula chitsulo. Pambali pa dzenjelo dothi linali lakuda ndi magazi, ntchentche zili ng'waa, ndipo mpango wa kutchalitchi uja unali pomwepo, wopondedwapondedwa. Chitsulocho anachitaya pafupi ndi nkhokwe. Mayi wina wokalamba wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pakhomo pake n'kundiuza monong'ona kuti ali moyo, awatengera kuchipatala pangolo. Anatinso wailesi itazima mkazi wanga anatuluka n'kukagona pamwamba pa apongozi ake, ndipo mitengo yotsala inathera pamsana pake.

Sindinapite kuchipatala kaye. Ndinatola chitsulo chija.

Mnansi uja ndinamupeza m'khola, akumangirira mbuzi ngati tsiku lina lililonse. Atandiona anafuna kulumpha mpanda. Ndinaponya chitsulo ndi mphamvu zanga zonse ndikulinga mutu, iye anawerama, ndipo chinathyola mtengo wa khola. Mbuzi zinabalalika. Kachiwiri chinamupeza paphewa, ndinamva fupa likulira, anagwa m'ndowe. Ndinataya chitsulo n'kumukhalira pachifuwa, manja anga onse pakhosi pake. Maso ake anatuluka, lilime linayamba kuda. Ndinkamufunsa kuti, unasankha khutu limenelo dala, eti, unazungulira dala? Yankho sindinkalifuna. Ndikanamupha. Ndikunena mosabisa, ndipo sindikupepesa kwa wina aliyense. Anandichotsa ndi mlamu, amene anandikwapatira kumbuyo ndi manja ake opalasa aja n'kundinyamula ngati thumba, akundiletsa kukhutu kuti, "Nkhabe, mulamu, nkhabe. Mai ali kudikhira."

Kuchipatala ndinapeza mkazi wanga atagona chafufumimba, msana uli mikwingwirima yokhayokha. Atandiona anayamba kulira, akuti anaiwala kusiya batani, wawononga wailesi. Ndinamuuza kuti atonthole, ndipo ndinalira naye. Amayi anali pabedi lina, mutu wokulungidwa nsalu, dzanja limodzi lomangidwa, magazi ouma atatsikira m'khosi. Anali maso. Ndinazungulira bedi monga ndinkachitira moyo wanga wonse, n'kuima kumanja kwawo. Ndinawerama n'kunena kuti, amayi, ndabwera.

Anandiyang'ana pakamwa. Ndinabwereza mokweza. Anakwinya nkhope.

"Bwanji ukungotafuna pakamwa?" anatero, mokuwa kwambiri moti odwala ena anatembenuka. "Lankhula, iwe. Mwana wanga anayankha?"

Adokotala anati za m'kati mwa khutumo zinaphwanyika, palibe chosoka.

Mvula inagwa sabata yomweyo, yambiri, mpaka madzi anadzaza dzenje lija la pansi pa bwemba. Musaganize kuti anthu anachita manyazi. Ankauzana pamsika kuti mwaona, tangozula chitsulo yagwa. Apolisi anatenga angapo, ine ndinaitanidwanso chifukwa cha phewa lija, ndipo patapita nthawi tonse tinabwerera kumudzi komweko. Timakumana pamaliro. Ena mwa iwo amabwera ndi mafoni awo pabenchi panga, nkhope zili gwa, ndipo ndimawauza kuti apite nawo kwina. Mnansi uja dzanja lake silikwera kupitirira phewa. Akandiona amapatuka, ndipo amachita bwino.

Wailesi ndinaikonza amayi atatuluka m'chipatala. Thiranzisita inali itapsa mpaka kudetsa bolodi. Ndinapala, ndinalumikiza timizere todukato ndi tiwaya, ndinaika ina ndi chidutswa cha poto chokulirapo. Mnzanga wa ku Joni atamva nkhaniyi anandiuza za eriyo ina, ya mikono iwiri, yosafuna chitsulo pansi, yosafuna mchere. Ndinaikoka, ndipo inagwira bwino kuposa yoyamba ija. Tsiku limenelo sindinadye.

Amayi anayang'ana waya watsopanoyo, anayang'ana pansi pa bwemba, n'kufunsa kuti chitsulo chawo chili kuti. Ndinayesa kuwafotokozera ndi manja kuti sichikufunikanso. Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Khomanso," anatero. "Pomwepo." Ndinakhoma, ngakhale palibe waya wopitako. Mpaka lero m'mawa uliwonse amatuluka ndi kandowa ndi mchere, ndipo sathira mobisa. Amadikira kuti anthu ayambe kudutsa popita kumjigo.

Akamaliza amasamba m'manja, kumanga mpango, n'kubwera pawindo. Ine ndimayatsa. Mlongo wanga amakhala akudikira kale kudambo kuja, ndipo mawu ake amatuluka oyera, opanda kaphokoso ngakhale pang'ono. Amayi amaika chikhatho pasipika. Ikanjenjemera amandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndi iyeyo?" Ndimagwedeza mutu. Ikasiya kunjenjemera amatenga maiki, kukanikiza, n'kumuuza za mbuzi, za mapira, za mwendo umene ukuwawa, mwachidule monga ndinaphunzitsira mkazi wanga. Amati "kwa iwe", n'kusiya batani. Saiwala ngakhale tsiku limodzi.

Mlongo wanga amayankha kuti, "Ndabva, mai." Amayi amabwezera chikhatho pasipika, maso ali pankhope panga, kuti aone ngati mwana wawo wanena zoseketsa kapena zachisoni.